Ulendo Wokagula Malezala

Ine ndine wometa, ndipo pamsewu wathu palibe nkhani imene imadutsa isanayambe yakhala pampando wanga. Banja likamagwedezeka ndimadziwa mkazi asanamange katundu. Munthu akachotsedwa ntchito ndimamva iye akadali kumanga tayi m'mawa uliwonse kuti anamize oyandikana nawo. Munthu ukangomufunditsa nsalu mpaka m'khosi, pakamwa pamatseguka pokha. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikumva za eni, ndipo ndisaname, zambiri ndinkazipititsa patsogolo nditathirako kamchere. Ndiye mumvetse kuti nkhani itafika pokhala yanga, ndinkadziwa bwino lomwe liwiro limene ingayendere.

Ndinkamwa. Osati kumwa kwa anthu ogona m'ngalande aja, ayi, ine ndinkamwa mwanzeru. Kabotolo kanga kankakhala m'kabati, kuseri kwa botolo la sipiriti yopaka makasitomala akatha kumetedwa. Ndinkati babashopu imanunkha sipiriti kale, angasiyanitse ndani? M'mawa manja ankanjenjemera, ndiye ndinkameza kawiri kuti mzere wa pachipumi uwongoke. Mowa umenewo ndinkautcha mankhwala a ntchito. Wamasana unali wotsitsira chakudya. Wamadzulo unalibe dzina, chifukwa pofika nthawi imeneyo mayina ambiri ndinali nditaiwala.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene malemu amake anandisiyira. Anakwatiwa ndi mnyamata wa zamagetsi, ndipo amakhala nyumba yachisanu kuchokera pababashopu. Chaka chatha anabereka mwana wamwamuna, wadazi ngati agogo ake, wosafuna ngakhale chipeso. Loweruka lina masana anabwera naye. Ndinamulandira, n'kuyamba kuvina naye pakati pa tsitsi la pansi, ndikuuza anthu a pabenchi kuti nayu bwana watsopano wa kampani. Kenako pansi panasuntha. Sindinagwe, ndimakonda kutsindika pamenepa. Ndinangogwada mwadzidzidzi, mutu wa mwana n'kudutsa pangodya ya tebulo mosiya mpata wa chala chimodzi. Mwanayo anaseka. Amake sanaseke.

Anamulanda m'manja mwanga, n'kubweretsa mphuno pafupi ndi nkhope yanga.

"Ababa, mwamwa."

"Ndi sipiriti imeneyi, mwana wanga."

"Sipiriti mwayamba kupaka m'mimba?" Anamukumbatira mwanayo. "Kuyambira lero mwana uyu muzimuonera patali. Simudzamugwiranso mpaka mutasiya. Kusiya kwenikweni, osati kwa Lolemba kuja."

Kusiya kwa Lolemba kunali kotchuka m'banja mwathu. Ndinkasiya mowa Lolemba lililonse, molumbira ndi motchula malemu, mpaka Lachiwiri cha m'ma 10 koloko.

Ndinkayesa apsa mtima masiku awiri basi. Koma mwana wanga ameneyu anatengera malemu amake. Anayamba kumadutsa tsidya lina la msewu popita kumsika, mwana ali kumbuyo, osayang'ana n'komwe kubabashopu. Kamwanako ndi kamene kankatembenuza mutu, kumandiyang'ana mpaka atakhota. Zinandiwawa. Ndametapo anthu opita kumaliro a ana awo, ndipo ndinkati chisoni ndimachidziwa, koma ichi chinali china: mdzukulu ali moyo, ali pafupi, manja anga ndi amene aletsedwa.

Ndinayesa kusiya ndekha, pakuti mwamuna weniweni safuna thandizo. Tsiku lachitatu ndinali thukuta lokhalokha, makina ometera akuvina m'manja, mpaka ndinacheka khutu la mphunzitsi wina amene ankangofuna kuchepetsa m'mbali. Mawa lake ndinapita kuchipatala, n'kuwauza anesi kuti ndikumva malungo.

Anesiwo anali mayi wachikulire wa magalasi ochindikala. Anandiyang'ana m'maso, anayang'ana manja, kenako anafunsa kuti, "Malungo amenewa mumamwa angati patsiku?"

Ndinawauza theka la zoona. Anandikalipira kuti munthu amene wamwa zaka zonsezo sasiya mwadzidzidzi payekha, akhoza kukomoka. Anandipatsa mankhwala ndi tsiku loti ndibwerenso, kenako anatulutsa pepala m'dirowa.

"Awa ndi magulu a anthu onga inu, bambo. Amakumana, amakambirana, amalimbikitsana. Mulibe dokotala, mulibe wolalikira, salemba mayina. Sankhani lapafupi."

Anthu onga ine! Ndinafuna kuwafunsa kuti amandidziwa ine, koma manja anali akugwedeza pepalalo mochititsa manyazi, ndiye ndinangolipinda.

Papepalapo panali magulu asanu, masiku ndi nthawi zake. Loyamba pamndandanda: chipinda cha pamwamba pa famase, Lachitatu lililonse 4 koloko. Famase yake ndi imene yayang'anizana ndi babashopu yanga. Ndikaima pagalasi ndimaona masitepe ake onse. Zaka zonsezi ndinkaona anthu achilendo akukwera pamenepo Lachitatu, mmodzimmodzi, mitu ili pansi, ndipo ndinkauza makasitomala kuti imeneyo ndi kwaya yosaimba. Tsono ine ndikwere masitepe amenewo, dzuwa likuswa mtengo, benchi yanga yomwe ikundionerera? Ndinadumpha mzere umenewo. Ndinadumphanso wachiwiri, chifukwa ndi kufupi ndi kumene amakhala apongozi a mwana wanga. Wachitatu ndi wachinayi ndinapezako zifukwa zina zomveka. Ndinasankha wotsiriza: kumapeto kwenikweni kwa tauni, minibasi ziwiri, chipinda cha kuseri kwa sukulu yophunzitsa kusoka, Lachiwiri ndi Lachisanu 2 koloko. Kumeneko sakundidziwa ngakhale galu.

Lachiwiri ndinatseka babashopu, n'kupachika pachitseko katoni yolembedwa kuti NDAPITA KUKAGULA MALEZALA. Ndinavala chipewa chimene sindivala. Minibasi yoyamba ndinayenda bwino. Nditakwera yachiwiri, ndinapeza pampando wakumbuyo pali akalipentala, amene shedi yawo yagundana khoma ndi babashopu yanga. Munthu wofatsa, wosamveka mbiri, amene mutu wake ndaumeta zaka khumi osatolapo nkhani ngakhale imodzi. Anali atavala malaya oyera, opanda utuchi.

"Ah, akulu! Ulendo wa kuti?" ndinafunsa.

"Kukaona matabwa," anatero. "Nanga inu?"

"Malezala."

"Malezala mpaka kuno?"

"A kuno ndi akuthwa."

Tinagwirizana kuti zinthu zabwino zili kutali masiku ano. Tinatsika pasiteji imodzi. Msewu wake unali wa mabala okhaokha, uku bala, uko bala, nyimbo zikupikisana masanasana, fungo likundiitana ndi dzina. Akalipentala analowera kumanzere, ine kumanja. Ndinazungulira nyumba zingapo, n'kudzera m'kanjira ka pakati pa mabala awiri monga pepala linanenera, ndipo pakhomo la chipindacho ndinagundana mapewa ndi akalipentala.

Tinayang'anana. Iwo ndi amene anayamba kulankhula.

"Lowani, achimwene. Malezala ali m'kati."

M'chipindamo munali mipando yapulasitiki yozungulira, makina osokera akale ataunjikidwa pakona, ketulo ndi makapu osafanana. Anthu analipo khumi ndi mmodzi. Ndinawerenga nkhope imodziimodzi. Wosoka nsapato wa pansi pa mtengo wa pamsewu wathu. Mayi wogulitsa mayunitsi pafupi ndi famase. Dalaivala wa lole amene ndinamumeta ndevu dzulo lake. Ndinayenda tauni yonse, minibasi ziwiri, chipewa kumutu, kudzapeza msewu wathu utakhala pabwalo ukundidikira.

Amene ankatsogolera anali mayi wina wamfupi, wa mawu okhuthala. Onse ankawatcha Amakiyi chifukwa ndiwo ankasunga makiyi a chipindacho. Ataona ndaima ngati chitsa, anaseka.

"Musadabwe, bambo. A kwanu amabwera kuno, a kuno amapita kwanu. Aliyense amathawa maso a kwawo. Amene amasangalala ndi a minibasi. Khalani."

Kenako ananena lamulo, limene amalinena pamsonkhano uliwonse: zimene wamva muno uzisiye muno, amene wamuona muno sunamuone. Ponena zimenezi anthu anayi a pamsewu wathu anatembenukira kwa ine nthawi imodzi. Ndinakhumudwa. Munthu kumuganizira zoipa chonchi chifukwa chongoti wakhala akufalitsa nkhani zawo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu!

Anthu analankhula mosinthana. Palibe ankadula mnzake, palibe ankalangiza. Ine ndinazolowera nkhani zokoma, zoti wina wagwidwa, wina wathawa. Izi zinali zina. Mayi wa mayunitsi anati anakhala zaka zitatu akuthira mowa m'fulasiki ya tiyi, ana ake akumuyamikira kuti sadya zambiri. Akalipentala anati iwo sanamwepo pagulu chibadwire, ankamwera m'shedi atatseka chitseko, ndipo mpaka lero akazi awo okha ndi amene amadziwa. Anati tsopano atha chaka ndi miyezi iwiri, ndipo akuluakulu a sukulu ina awapatsa ntchito yokhoma madesiki, ntchito imene sangapatse munthu womveka mbiri ya mowa.

Itafika nthawi yanga ndinakonza kukhosi.

"Ine kwenikweni ndabwerera mchimwene wanga. Ndi amene ali ndi vutoli."

Onse anagwedeza mitu mwaulemu. Wosoka nsapato anafunsa mofatsa kuti, "Mchimwene wanu yemwe uja tinamunyamula pawilibala chaka chatha, atavala gawuni yometera?"

Chipinda chonse chinaphulika. Ndinafuna kutuluka, koma ndinazindikira kuti kuseka kwake sikunali kwa pabenchi yanga. Aliyense mmenemo anali ndi wilibala yake. Ndinakhala. Lachisanu ndinabweranso, ndipo mchimwene wanga uja sindinamutchulenso.

Masabata anayamba kuyenda. Sindikunamizani kuti zinali zokoma. Kutsika pasiteji ija n'kudutsa pakati pa mabala awiri kunali ngati kudutsa pakati pa agalu amene unkawadyetsa. Akalipentala anayamba kumandidikira kuti tidutse limodzi, akundifotokozera za mitundu ya vanishi mpaka tifike pakhomo. Ndikudziwa za vanishi tsopano kuposa mmene munthu aliyense amafunira. Kabotolo ka m'kabati ndinakakhuthulira m'sinki, ndipo ndinalira pang'ono, ngati munthu woperekeza mnzake woipa amene ankamukonda. Manja anayamba kukhazikika. Mizere inayamba kuwongoka yokha.

Chimene chinkandizunza kwambiri chinali lamulo lija. Tangoganizani: wometa ali ndi nkhani zonona kuposa zonse zimene anamvapo, za anthu amene akudutsa pakhomo pake tsiku ndi tsiku, koma pakamwa pomata. Mayi wa mayunitsi ankandipatsa moni ngati sitinamwere tiyi m'kapu imodzi. Anthu a pabenchi anayamba kudandaula kuti babashopu yazizira, wometa wakalamba.

Mwana wanga sindinamuuze kanthu. Ndinali ndi pulani yanzeru, monga mwa masiku onse. Ndinkati ndikwanitse kaye miyezi itatu, kenako ndidzavale jekete, ndidzagogode pakhomo pake, ndidzanene ngati ngwazi. Komanso, ndinene zoona, ndinkaopa. Ndinali nditalumbira kambirimbiri pamaso pake, ndipo mawu oti ndasiya anali atatha ntchito m'kamwa mwanga. Ndiye Lachiwiri ndi Lachisanu katoni ija inkapachikidwa, ndipo msewu unayamba kuwerengera. Wina anafunsa ngati ndatsegula holoselo ya malezala. Ndinaseka nawo, osadziwa kuti nkhani yayenda kale popanda ine kuithira mchere.

Linali Lachitatu, sabata yachisanu ndi chiwiri. Pabenchi panali anthu anayi, pampando pali akalipentala, ndikuwameta mpala, mbali imodzi nditamaliza. Ndinaona pagalasi mwana wanga akuwoloka msewu, kubwera mbali yathu koyamba chichitikire zija. Ndinati mwina waona yekha kusintha. Analowa mwana ali kumbuyo, chikwama paphewa, osapereka moni kwa aliyense.

"Ababa, malezala aja ali kuti?"

Ndinazimitsa makina.

"Alamu anga amagulitsa zovala kumapeto kwa tauni uko," anapitiriza. "Akuonani kanayi. Mumatsika minibasi, chipewa mpaka m'maso, n'kulowa pakati pa mabala. Mwaona kuti kuno ndikukuonani, ndiye mwasamutsira sitolo kutali?"

"Mwana wanga, tikambirane kunyumba."

"Kunyumba kwake kuti? Bambo a mwanayu akhala akundiuza kuti tisamuke, apeza nyumba kufupi ndi kuntchito kwawo. Ine ndimakana. Ndimati bambo anga atsala ndi ndani, mwina asintha. Ndimakangana ndi mwamuna wanga chifukwa cha inu, inu muli pa ulendo wa malezala! Ndabwera kudzakuuzani kuti ndavomera. Tisamuka mwezi ukatha."

Pabenchi panali zii, koma ndinkadziwa zii ameneyo. Ndi wa anthu amene akusunga mawu aliwonse kuti akawagawe bwino madzulo. Ndinawaphunzitsa ndine.

"Ndinasiya," ndinatero. "Lero ndi tsiku la makumi anayi ndi atatu."

Wina pabenchi anatsokomola kuti abise kuseka.

"Munasiya. Ndiye kumabala kuja mumakatani, kukatsanzika?"

"Kuseri kwake kuli chipinda. Ndimapita kumsonkhano."

"Msonkhano wa chiyani?"

Ndinayankha, koma mawu anathera m'ndevu.

"Kwezani mawu, Ababa. Nkhani za eni mumanena mokweza."

"Wa zidakwa!" ndinatero. "Zidakwa zimene zikufuna kusiya. Ndine mmodzi wa izo."

Ndinkayembekeza kuti denga ligwa. Silinagwe. Palibe ngakhale mmodzi pabenchi amene anadabwa ndi mawu oti chidakwa. Anadabwa ndi oti kusiya. Apo m'pamene ndinaona uchitsiru wanga wonse: kumwa kwanga msewu unkakudziwa mpaka pawilibala, ine n'kumakwera minibasi ziwiri kukabisa chinthu chimodzi chokha chabwino chimene ndinachitapo.

Mwana wanga anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti akufuna kukhulupirira, ndipo akudzikalipira chifukwa chofuna.

"Chabwino. Msonkhano umakhala ndi anthu. Tchulani munthu mmodzi amene anakuonani kumeneko. Mmodzi yekha, ndikamufunse."

Dzanja langa lamanzere linali pamutu pa akalipentala. Mboni yanga inali m'manja mwanga, yofunditsidwa nsalu, yosatha kuthawa. Ndinawayang'ana pagalasi. Maso awo anali pa ine, ndipo pambali imene ndinameta ija panatuluka thukuta ngati mame. Ndinaona milomo yawo ikuyamba kusuntha, kenako n'kuima. Ndinaganiza za madesiki aja, ndi akazi awo amene anasunga chinsinsi zaka zonsezi. Kunja, kudzera pawindo, mayi wa mayunitsi anali atasiya kasitomala, akuyang'ana kuno. Dzina linafika palilime, lokonzeka, lopepuka. Moyo wanga wonse ndagulitsa mayina a anthu pa zinthu zachabe, kuti benchi iseke basi. Lero dzina limodzi likanandibwezera mdzukulu.

"Sindingatchule," ndinatero.

"Simungatchule."

"Ndi lamulo la kumeneko. Amene wamuona, sunamuone."

Anaseka kuseka kowawa. "Inu, Ababa? Inu kusunga chinsinsi? Mwasowa bodza lina?" Anakonza nsalu ya mwana, n'kutembenuka. "Tsalani bwino."

Ndinakwiya, ndipo ndinalibe womukwiyira. Tsiku loyamba kukhala munthu wokhulupirika ndi limene ndinaoneka wabodza kuposa masiku onse. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma: kunatsala mphindi khumi kuti ikwane 4 koloko. Tsidya la msewu, bambo wina wachilendo anali kukwera masitepe a pafamase, mutu uli pansi.

"Dikira," ndinatero. "Amene ndimakumana nawo sindingakuonetse. Koma ine ndingadzionetse. Tiye."

Ndinaika makina patebulo. Akalipentala analankhula motsitsa, osatembenuka: "Pitani, achimwene. Mbali inayi idikira."

Ndinatuluka ndi gawuni yanga yoyera, chipeso chili m'thumba. Msewu wathu si waukulu, koma tsiku limenelo unatalika. Benchi yonse inatuluka kudzaima pakhonde. Wogulitsa m'famase anasuzumira. Wosoka nsapato anaimika nyundo m'mwamba. Ndinamva wina akufunsa kuti wometa akupita kuti, wina n'kuyankha kuti akukalowa kwaya. Sindinacheuke. Ndinkangomvetsera ngati kumbuyo kwanga kukubwera mapazi, ndipo nditafika pasitepe yachitatu ndinawamva.

Pamwamba panali chitseko cha pulayiwudi. Anatsegula bambo wina wamtali wa imvi, n'kuyang'ana gawuni yanga.

"Mwasochera, bambo? Muno simubwera anthu a msewu uno."

"Ndikudziwa. Ndayamba ndine."

Anayang'ana mwana wanga. "Mayi, pepani, muno mumalowa okhawo amene ali ndi vutoli."

"Ndikhala pano," anatero mwana wanga, n'kukhala pasitepe yomaliza, mwana atamubweretsa kutsogolo.

M'katimo munali anthu asanu ndi atatu, onse a kumapeto kwa tauni. Mmodzi ndinamuzindikira, amagulitsa nthochi pasiteji ya mabala ija. Anandiona, ine ndinamuona, tonse sitinaonane. Nditakhala ndinazindikira kuti chitseko chija n'chopyapyala, chifukwa ndinkamva mdzukulu wanga akuyamwa chala panja. Ndiye kuti mawu anganso ankatuluka. Ndinawauza anzangawo, ndipo anagwirizana kuti ndiyambe ndine, iwo alankhula motsitsa pambuyo pake.

Nditayamba, wometa wa m'kati mwanga anafuna kukometsa nkhani, kuti ya panja imveke bwino. Ndinamuletsa.

"Ndine chidakwa," ndinatero. "Ndatha masiku makumi anayi ndi atatu. Sindinganene kuti ndapambana. Lero m'mawa ndinatsegula botolo la sipiriti kuti ndipake kasitomala, n'kulinunkhiza nthawi yaitali kuposa mmene ntchito imafunira. Mwana wanga ndamunamiza kuyambira ali wamng'ono. Tsiku limene analandira satifiketi kusukulu ndinamuuza kuti ndinachedwa ndi makasitomala, chonsecho ndinali nditagona kuseri kwa holo yomweyo. Akapanda kundikhulupirira lero, sakulakwa. Ndikuopa kuti mdzukulu wanga akula akundidziwa ngati bambo wina wake wometa. Ndikuopa kwambiri. Koma asamuke, asasamuke, mawa sindikufuna kumwa. Za mkuja sindikudziwa."

Palibe anawomba m'manja. Bambo wa imvi uja anangoti, "Zikomo, mubwerenso," n'kundipatsa tiyi wotsekemera mopitirira muyezo. Ena analankhula monong'ona, mipando itayandikizana. Ola lonse ndinakhala ndikumvetsera mbali ziwiri, ndipo chapakati panja panangoti zii. Ndinati basi, wapita.

Titatuluka ndinamupeza atatsikira pakati pa masitepe, patali ndi chitseko, kuti asamve za eni. Maso ake anali ofiira. Anthu aja anamudutsa mmodzimmodzi, iye akuyang'ana kukhoma mpaka onse atatha. Mwana anali maso, akukoka ndolo ya amake.

"Za satifiketi zija ndinkadziwa," anatero. "Anzanga anakuonani."

Anapukuta maso, n'kufunsa:

"Lachitatu lililonse?"

"Lililonse. Lachiwiri ndi Lachisanu ndizipitabe uko, kuli anthu amene amandidikira."

"Katoni ija muichotse. Muzilemba zoona, kapena osalemba kanthu."

"Ndichotsa. Nanga zosamukazo?"

"Sindinanene kuti ndasintha maganizo, Ababa. Masiku makumi anayi ndi atatu ndi ochepa. Ine ndadikira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi."

Anaimirira. Kamwana kaja kanandiyang'ana, n'kutambasula dzanja kufuna chipeso cha m'thumba mwanga. Sindinathe kudzigwira. Ndinatambasula manja onse awiri. Mwana wanga anawayang'ana manjawo nthawi yaitali, ngati mmene anesi aja anachitira. Kenako anavula chikwama cha paphewa, cha matewera ndi mabotolo a mkaka, n'kuchiika m'manja mwangamo.

"Nyamulani kaye ichi," anatero. "Tione ngati chikafike kunyumba."

Anatsogola, mwana ali pachifuwa, kamutu kadazi kakundisuzumira paphewa pake. Pansi, msewu wonse unali ukadaimirira, ndipo pakhomo la babashopu panali akalipentala ndi nsalu yawo m'khosi, mutu mbali imodzi. Ndinachigoneka chikwamacho pachifuwa, dzanja limodzi pansi, lina kumbuyo, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, ndikuyang'ana pamene ndikuponda.